Kuonera mbalame za m'nyanja yamchere muli pagombe nthawi ya namondwe

Munthu amene sanayambe wachitapo zimenezi amaganiza kuti mphepo ikakula kwambiri ndiye kuti mbalame zichulukanso, koma si mmene zimakhalira. Mbalame zambiri za m'nyanja yamchere, monga ma shearwater, ma petrel ndi ma albatross, zimathera pafupifupi moyo wawo wonse pakati pa nyanja, ndipo zimaponda nthaka pokhapokha zikafuna kuswa, kawirikawiri pa zilumba zakutali, zina mwa izo usiku wokhawokha. Chaka ndi chaka zimadutsa m'njira zawo kutali ndi gombe, kumene diso la munthu woima pamtunda silifika. Chimene mphepo yamphamvu imachita ndi kukankhira njira zimenezi kufupi ndi mtunda kwa maola owerengeka chabe, ndipo luso lonse lagona pa kudziwa maola amenewo ndi kupezeka mutakhala kale pamalo oyenera asanakwane. Amene amadzuka n'kuona kuti kunja kwaipa, kenako n'kuthamangira kugombe lililonse, nthawi zambiri amabwerako atanyowa, ataona thovu lokhalokha. Mayina a mbalamezi ndiwalemba monga mmene alili m'mabuku ozindikirira mbalame, chifukwa ndi amene mudzawamve anzanu akufuula pagombe.

Yambani ndi mapu a zanyengo

Ntchito imayamba kukadali masiku awiri kapena atatu, mukuyang'ana mapu a zanyengo. Funani dera limene mpweya wapepuka, limene pamapu limaoneka ngati mizere yozungulira malo amodzi, ndipo mizereyo ikathithikana dziwani kuti mphepo ndi yamphamvu. Kumpoto kwa ikweta mphepo imazungulira dera lotere mosemphana ndi mivi ya wotchi, pamene kumwera imazungulira motsatira miviyo. Zikumveka ngati phunziro la m'kalasi, koma ndi zimene zimakuuzani kumene mphepo idzachokere m'mamawa ndi kumene idzatembenukire masana.

Magombe a kumadzulo kwa Ulaya amaonetsa bwino mmene zimayendera. Namondwe akamabwera kuchokera ku Atlantic amayamba ndi mphepo yochokera kumwera chakumadzulo, yodza ndi mvula yambiri ndi nkhungu, ndipo mbalame zimene zinali pa ulendo zimakankhidwira m'malo opanikizika monga Bay of Biscay, Bristol Channel ndi Irish Sea. Kenako mpweya wozizira umene umabwera m'mbuyo umadutsa, mvula imayamba kudukiza, mitambo imang'ambika, ndipo mphepo imatembenuka n'kuyamba kuchokera kumadzulo kapena kumpoto chakumadzulo. Apa m'pamene mbalame zija zimafuna kubwerera kunyanja yaikulu, ndipo potuluka zimatsata gombe n'kumazungulira ndomo iliyonse, ndiko kuti mtunda wosongoka wolowa m'nyanja. Maola ochepa otsatira kutembenukaku ndiwo mukuwafuna. Ngati kutembenukako kwachitika usiku kuli pafupi kucha, mwachita mwayi, ndipo muyenera kukhala mutakhazikika pamalo panu kusanayere, chifukwa maola oyambirira a m'mawa ndiwo amakhala ndi mbalame zambiri. Mphepo ikatembenuka madzulo dzuwa litalowa n'kugonja pakati pa usiku, mbalame zimadutsa inu muli m'tulo ndipo m'mawa mumapeza nyanja yopanda kanthu.

Ku Cornwall, ku England, kuli malo awiri oyandikana amene amaphunzitsa mfundoyi kuposa buku lililonse. Porthgwarra anayang'ana kumwera, ndipo amakoma pa mphepo yochokera kumwera chakumadzulo, makamaka kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti pamene kumadutsa ma Cory's shearwater ndi ma great shearwater. Pendeen ali mbali ya kumpoto kwa ndomo yomweyo, ndipo amafuna mphepo itatembenukira kumadzulo kapena kumpoto chakumadzulo. Munthu angathe kukhala tsiku lonse pa amodzi mwa malowa osaona chachilendo, anzake kutsidya linalo akusowa ndi mpata womwera tiyi. Ku St Ives, chakufupi komweko, oonera mbalame amakumbukirabe tsiku la 3 Sepitembala 1983, pamene mphepo inatembenuka panthawi yake n'kudzaza gombelo ndi ma storm petrel, ma skua ndi ma Sabine's gull. Bridges of Ross ku Ireland, Cap Gris-Nez ku France ndi Estaca de Bares ku Spain nawonso amadalira mphepo za chakumadzulo ndi kumpoto chakumadzulo, pamene Flamborough Head wa ku England, amene ali m'mphepete mwa North Sea, amafuna mphepo yochokera chakumpoto. Komabe musatenge lamulo la malo amodzi n'kupita nalo kwina osalifufuza. Ku Cape Point, ku South Africa, m'miyezi yozizira ya Juni mpaka Ogasiti, mphepo yochokera kumpoto chakumadzulo imene imatsogola mpweya wozizira usanafike ndi imene imayandikitsa ma albatross ndi ma white-chinned petrel. Chofanana paliponse n'chakuti mphepo iziomba kuchokera kunyanja kulowera kumtunda, mopingasa pang'ono, ndipo ikhale itaomba pamtunda wautali wa nyanja kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Za kukula kwa mphepo, zolowerani muyeso wa Beaufort, umene Francis Beaufort anakonza mu 1805 ndipo a zanyengo za panyanja akuugwiritsabe ntchito. Nambala 6 ndi mphepo yothamanga makilomita 39 mpaka 49 pa ola, nambala 7 ndi 50 mpaka 61, nambala 8 ndi 62 mpaka 74, ndipo nambala 10 imayambira pa 89. Kwa ine, masiku abwino amakhala pakati pa 6 ndi 8. Ikapitirira apa telesikopu imanjenjemera, mchere umaphimba magalasi mphindi iliyonse, mpweya umadzaza madzi ouluka moti simuona patali, ndipo zambiri mwa mbalame zimangotera pamadzi kapena kuzemba namondweyo. Mvula yodukizadukiza ndi bwenzi lanu, chifukwa mbalame zimakonda kubwera zitatsogola mtambo wa mvula kapena zitautsatira, ndipo mtunda ukabisika zimayandikira gombe mosadziwa. Mvula yosalekeza ndi nkhungu yothithikana sizipindulitsa aliyense.

Mphepo yabwino pa nyengo yolakwika siibweretsa kanthu, popeza singakankhe mbalame zimene kulibe. Kumpoto chakum'mawa kwa Atlantic ndondomeko yake imadziwika: ma shearwater akuluakulu kumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti, ma sooty shearwater, ma skua, ma Sabine's gull ndi ma Leach's storm petrel kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Okutobala, kenako ma little auk mu Novembala mphepo ikamachokera kumpoto. Kudziwa kumene mbalamezi zachokera kumawonjezera kukoma kwa kuziona. Great shearwater amene wadutsa pamaso panu anaswedwa ku zilumba za Tristan da Cunha ndi Gough, kumwera kwenikweni kwa Atlantic. Sabine's gull akuchokera ku Arctic ndipo akupita kumadzi ozizira a kufupi ndi Namibia ndi South Africa. Ma sooty shearwater a ku New Zealand, amene ofufuza anawamangirira tizipangizo, anapezeka mu 2006 kuti amayenda makilomita pafupifupi 64,000 pachaka pozungulira Pacific.

Posankha pokhala

Ndomo yotalika kulowa m'nyanja imaposa gombe lowongoka, koma pandomo pomwepo malo onse si ofanana. Kutalika kwa pamene mwakhala kumasintha zonse. Diso likakhala mamita 2 pamwamba pa madzi, chizimezime chimakhala pa mtunda wa makilomita pafupifupi 5. Pa mamita 10 chimafika makilomita 11, ndipo pa mamita 25 chimafika 18. Mukakhala pansi kwambiri, mbalame zimaoneka bwino zikatumphukira kumwamba, koma zimathera nthawi yambiri zitabisika m'zigwa za pakati pa mafunde. Mukakwera kwambiri mumaona m'zigwamo, koma nyanja yoti muiyang'ane imakula mopitirira, ndipo mbalame yakuda yoonekera pamadzi akuda imavuta kuipeza. Pakati pa mamita 10 ndi 25 pamandikhalira bwino, ndipo mafunde akakula ndimakwera m'mwamba, osati chifukwa cha maso okha.

Funani chotchinga mphepo, kaya ndi khoma la nsanja ya nyali yotsogolera zombo, thanthwe lalikulu, ngakhale galimoto yanu ngati malowo amalola, ndipo mukhale pansi osati kuimirira. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena chammbali. Gombe loyang'ana kum'mawa limakupatsani mbalame zakuda bii m'mamawa, zopanda mtundu uliwonse wooneka, pamene loyang'ana kumadzulo limavuta masana akapendeka. Mitambo yotuwa yophimba kumwamba konse ndiyo imapereka kuwala kwabwino koposa, ngakhale anthu ena onse amadandaula nayo.

Nkhani ya chitetezo

Apa ndichedwapo, chifukwa nyanja ya namondwe imapha anthu amene anangobwera kudzaonerera. Musanakhale pansi, imani patali n'kuyang'ana malowo kwa mphindi 15 kapena 20. Mafunde amabwera m'magulu, ndipo pakati pa magulu awiri akuluakulu pamakhala bata lonyenga limene limakopa munthu kuti atsikire m'munsi. Yang'anani nthaka: ngati mwala ndi wonyowa, uli ndi ndere, kapena m'maenje ake muli madzi amchere, dziwani kuti funde limafika pamenepo, ngakhale panthawiyo likuoneka lili kutali. Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Ndinakhala pathanthwe lina kwa ola lathunthu pali pouma, nditatsamira mwala, ndipo ndinaona kathamanda kamadzi pafupi ndi phazi langa koma ndinangoti ndi madzi a mvula. Funde limodzi lokha linakwera n'kundidutsa m'chiuno, linatenga chikwama ndi kabuku kolembamo mbalame za chaka chonse, ndipo ndinapulumuka chifukwa mwala uja unali kumbuyo kwanga. Ndikanangoviika chala m'kathamandako n'kulawa, ndikanadziwa kuti ndi madzi a m'nyanja.

Onani ndandanda ya kudzala ndi kuphwa kwa nyanja musananyamuke. M'malo ambiri nyanja imadzala kawiri patsiku, motalikirana maola 12 ndi mphindi 25, ndipo imadzala kwambiri masiku a mwezi watsopano ndi a mwezi wathunthu. Namondwe amawonjezera pamenepo, chifukwa mpweya ukapepuka madzi amakwera pafupifupi sentimita imodzi pa hectopascal (muyeso wa kulemera kwa mpweya) iliyonse imene yatsika, ndipo mphepo yokankhira madzi kumtunda imawaunjika koposa apo. Choncho ndandanda imakuuzani za tsiku la bata, osati za lero. Ganiziraninso njira yobwererera, popeza pali malo amene munthu amafikapo nyanja itaphwa koma njirayo imamira nyanja ikadzala. Makoma otchinga mafunde pamadoko amaoneka olimba ndi osavuta kufikapo, komatu ndi amodzi mwa malo oopsa kwambiri, chifukwa funde likawomba khoma limakwera n'kugwera pamwamba pake, ndipo palibe pothawira. M'mphepete mwa phompho mphepo imakankha mwadzidzidzi, ndipo nthaka yonyowa imagumuka. Mukamva bingu chokanipo, pakuti munthu wokhala pandomo ali ndi choimikira telesikopu chachitsulo ndiye chinthu chachitali pamalopo. Uzani wina kumene mwapita ndi nthawi imene mubwerere, ndipo nambala ya opulumutsa anthu panyanja a m'dzikomo ikhale m'foni mwanu.

Anamondwe akuluakulu a m'madera otentha ndi nkhani ina, ndipo amenewa sadikiriridwa pagombe. Akuluakulu a boma akalamula kuti anthu asamuke, samukani. Mbalame zimene anamondwe otere amanyamula zimaoneka bwino atadutsa, kawirikawiri pamadamu ndi panyanja za kumtunda. Namondwe Fran, mu Sepitembala 1996, anasiya ma black-capped petrel ku Lake Erie, nyanja ya kumtunda ya ku North America, kutali kwambiri ndi nyanja yamchere, ndipo mkuntho umene unawomba kumwera kwa England usiku wa 15 kuchera 16 Okutobala 1987 unamwaza ma Sabine's gull ndi ma grey phalarope pamadamu a kumtunda, kumene anthu anawaonera pafupi popanda kuika moyo pachiswe.

Zonyamula

Bainokula ya 8x42 kapena 10x42, ndiko kuti yokuza chinthu ka 8 kapena ka 10, ndi yokwanira kuyamba nayo. Telesikopu imathandiza kwambiri, koma musaikweze mphamvu yake yokuzira zinthu kufika pa 60. Pa 25 kapena 30 mumaona nyanja yotakata ndipo chithunzi sichigwedezeka kwambiri. Choimikira chake cha miyendo itatu chikhale cholemera, miyendo yosatambasula yonse, ndipo mukadzuka ngakhale kwa kamphindi chigonekeni pansi. Valani zofunda zingapo zosanjikiza, pamwamba jekete ndi thalauzi zosalowa madzi, chipewa ndi magolovesi, chifukwa munthu wongokhala osasuntha amazizidwa msanga kuposa woyenda. Tengani kokhalira, fulasiki ya chakumwa chotentha, pensulo popeza bolopeni imakana papepala lonyowa, ndi nsalu zingapo zouma zosungidwa m'pepala lapulasitiki. Galasi likachita mchere musalipukute louma, chifukwa mchere umakanda. Linyowetseni kaye ndi madzi abwino.

Mmene mungayang'anire nyanja

Oyamba kumene amasuntha telesikopu uku ndi uku mofulumira, ndipo amatopa maso asanaone kanthu. Yambani ndi bainokula kwa mphindi zingapo kuti mudziwe mbali imene mbalame zikulowera ndi mtunda umene zambiri zikudutsa, chifukwa tsiku lililonse limakhala ndi mzere wake. Kenako lozetsani telesikopu pamzerewo, chizimezime chikhale chakumwamba kwa chithunzi, ndipo muziyendetsa pang'onopang'ono kulowera kumene mbalame zikuchokera, kuti muzikumana nazo zikubwera m'malo mozithamangira kumbuyo. Mbalame zikachuluka ndi bwino kungoimika telesikopu malo amodzi n'kuzilola kuti zizidutsa zokha. Mbalame ikamira kuseri kwa funde musaime. Pitirizani kusuntha pa liwiro lomwelo ndipo idzatulukira kutsogolo. Pakapita mphindi zingapo chotsani diso n'kuyang'ana pafupi ndi maso okha, popeza ma skua ndi ma phalarope nthawi zina amadutsa pansi penipeni pa thanthwe, aliyense ali kalikiliki ndi chizimezime.

Mukakhala pagulu, gwirizanani pa chiyambi mmene muzilozerana. Ambiri amagwiritsa ntchito wotchi: kutsogolo kwenikweni ndi 12 koloko, kumanzere kwenikweni ndi 9, kumanja ndi 3. Ngati pali mwala wotumphuka, chizindikiro choyandama cha amalinyero kapena chombo, ndiye kwabwino koposa. Nenani dzina la mbalame, mbali imene ikulowera, kutalika kwake pakati pa gombe ndi chizimezime, ndipo mupitirize kulankhula diso lili pagalasi: ikupita kumanzere, theka la mtunda, yamira, yatulukanso, ikudutsa mwala tsopano. Mawu akuti "iyo apo" sathandiza munthu. Ndipo musaope kufuula mutalakwitsa, chifukwa kulakwitsa kumakonzedwa pomwepo, pamene mbalame imene munaisunga mumtima mpaka itapita siibwerera.

Kuzindikira chimene mwaona

Pa mtunda wa kilomita imodzi kapena iwiri simudzaona mtundu wa diso kapena wa miyendo umene wajambulidwa m'buku. Mudzaona kaulukidwe, kaumbidwe ka thupi ndi mmene kuyera ndi kuda kwagawikira. N'chifukwa chake muyenera kuyamba ndi mbalame zofala n'kuzidziwa mpaka zitakutopetsani. Kumpoto kwa Atlantic, gannet ndiye muyeso wa zonse: wamkulu, mapiko otambasuka pafupifupi mamita 1.8, woyera mbee, nsonga za mapiko zakuda, thupi losongoka kutsogolo ndi kumbuyo. Ana ake ndi oderako ndipo amatenga zaka pafupifupi 5 kuti ayere, moti gannet wamng'ono wouluka patali pa mphepo yamphamvu wanamiza anthu ambiri kuti ndi shearwater wamkulu. Yang'anani mutu wautali ndi chipsepse chosongoka musanafuule.

Ma shearwater ndi ma albatross amauluka mapiko ali owuma ngati matabwa. Amagwiritsa ntchito kusiyana kwa liwiro la mphepo, imene imayenda pang'onopang'ono pafupi ndi madzi koma mofulumira m'mwamba pang'ono: mbalame imakwera moyang'anizana ndi mphepo, imapendekeka, imatsetsereka motsatira mphepo kulowa m'chigwa cha mafunde, kenako n'kukweranso, osakupiza mapiko kwa nthawi yaitali. Wasayansi wa ku Britain, Lord Rayleigh, anafotokoza kaulukidwe kameneka mu 1883. Manx shearwater, amene mabanja ake oposa 300,000 amaswera pa chilumba cha Skomer ku Wales, ndi wakuda pamsana ndi woyera kumimba, choncho akamapendekeka amathwanima, kuda kenako kuyera, kuda kenako kuyera. Sooty shearwater ndi woderako thupi lonse kupatula kunsi kwa mapiko kumene kumanyezimira ngati siliva, ndipo amauluka mwamphamvu, mapiko atapindikira kumbuyo. Cory's shearwater amaoneka waulesi, mapiko ogwera pansi ngati uta, pamene great shearwater amakhala wowuma, wa chipewa chakuda chodulidwa bwino pamutu. Kumbukirani kuti mphepo ikakula mbalame zonse zimayamba kukwera ndi kupendekeka, ngakhale ma kittiwake ndi ma fulmar, choncho kukwera m'mwamba pakokha si umboni.

Ma skua ndi olanda. Mukaona mbalame yoderako, ya chifuwa chodzaza, ikuuluka molunjika ngati kabawi kenako n'kuyamba kuthamangitsa tern kapena kittiwake mpaka atalavula nsomba, ameneyo ndi skua. Great skua ndi wonenepa, wa zigamba zoyera zazikulu pamapiko, ndipo savuta. Atatu enawo, pomarine, Arctic ndi long-tailed, akakhala ana amasokoneza ngakhale akatswiri, ndipo njira yabwino ndi kuwayerekeza ndi mbalame imene akuithamangitsa kuti mudziwe kukula kwawo. Ma auk, monga guillemot, razorbill ndi puffin, amauluka m'mizere pafupi ndi madzi, mapiko akukupiza mofulumira osapuma.

Zovuta kuziona koposa ndi ma storm petrel. European storm petrel amalemera magalamu ngati 28, ndi wamng'ono ngati namzeze, wakuda, wa kachigamba koyera pamwamba pa chipsepse, ndipo amauluka mopupuluma ngati mleme. Leach's storm petrel ndi wokulirapo, mapiko aatali, chipsepse cha mphanda. Tsiku lina mphepo itaomba masiku atatu, ndinaona mmodzi akulimbana nayo pamtunda wosakwana mamita 30, pamene mafunde amaswekera. Ankakwera pang'ono, mphepo n'kumubweza, n'kutsika mpaka timiyendo titagunda madzi, n'kudumphira chammbali ngati waponda moto, ndipo funde likamagwa ankangonyamuka pang'ono kuti thovu lidutse pansi pake. Anatenga mphindi pafupifupi 10 kudutsa mtunda umene gannet amaudutsa m'kuphethira kwa diso. Mbalame zing'onozing'onozi zimatola chakudya pamwamba pa madzi, ndipo mphepo ikakhalitsa zimalephera kudya n'kufooka. N'chifukwa chake pamathiriro a mtsinje wa Mersey, ku New Brighton ku England, amaziona bwino mu Sepitembala mphepo ya kumpoto chakumadzulo ikaomba masiku angapo motsatizana, osati tsiku limodzi.

Sikuti mbalame zonse zimene mukuziona ndi zogonja. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anaonetsa kuti ma streaked shearwater a ku Japan akapanikizika pakati pa namondwe ndi mtunda amaulukira chakudiso la namondweyo m'malo molola kukankhidwira kumtunda, ndipo wina wa mu 2024 anapeza kuti ma Desertas petrel amatsatira m'mbuyo mwa anamondwe a ku Atlantic kwa masiku, kumene madzi ovundulidwa amatulutsa chakudya. Kwa mbalame zotere chowopsa si mphepo ayi, koma mtunda umene inu mwakhalapo.

Kulemba ndi kuwerenga

Lembani nthawi yoyamba ndi yomaliza, kumene mphepo ikuchokera ndi mphamvu yake, kutalika kwa pamene maso akufika, ndi mbali imene mbalame zikulowera. Gawani chiwerengero ola ndi ola, chifukwa ndi mmene mudzadziwire pambuyo pake kuti gombe lanu limayankha motani mphepo ikatembenuka. Mbalame zikachuluka werengani m'magulu a 10 kapena a 50, kapena werengani kwa mphindi 5 zokha pa kota iliyonse ya ola, n'kulemba kuti mwachita motero. Masiku opanda kanthu alembeninso. Zolembazi mungaziike pa intaneti, pa eBird, imene inayamba mu 2002 pansi pa Cornell Lab of Ornithology, kapena pa Trektellen, imene inayambira ku Netherlands ndipo inapangidwira kuwerenga mbalame zodutsa.

Mbalame zambiri zidzadutsa osazizindikira, ndipo zilembeni motero: skua wosadziwika, shearwater wamkulu wosadziwika. Chiyeso chake n'chachikulu, chifukwa mbalame yapita, palibe chithunzi, ndipo palibe amene angakutsutseni. Mukaona chachilendo, lembani zimene mwaona musanatsegule buku, popeza buku likangotsegulidwa maso amayamba kukumbukira zimene sanaone. Ngakhale odziwa kwambiri akaona petrel wa gulu la Fea's kuchokera pamtunda amangolemba dzina la gululo, chifukwa Fea's, Desertas ndi Zino's amafanana kwambiri moti pa mtunda wotere sasiyanitsika kawirikawiri.

Namondwe atapita

Mphepo ikagonja mbalame zimatha msanga, nthawi zina m'kati mwa theka la ola, ndipo mzere umene zimadutsa umasunthira kuchizimezime mpaka kuzimiririka. Tsiku lotsatira ndi loyenda pamchenga, m'madoko ndi m'mathiriro a mitsinje, kumene zotopa zimabisala. Nthawi zina mudzapeza zakufa. Kumapeto kwa 1952 ma Leach's storm petrel masauzande anagwera ku Britain ndi ku Ireland, ndipo kumayambiriro kwa 2014, anamondwe otsatizana atawomba kwa milungu, mbalame zoposa 50,000 zinapezeka m'magombe a kumadzulo kwa Ulaya, makamaka ku France, zoposa theka zili ma puffin amene anafa ndi njala. Mukapeza yakufa ili ndi mphete kumwendo, jambulani nambala yake n'kuitumiza ku adiresi yolembedwa pampheteyo, koma musaigwire ndi manja, chifukwa chimfine cha mbalame cha H5N1 chapha mbalame zambiri za m'nyanja, monga zinachitikira ma gannet a pa chilumba cha Bass Rock ku Scotland mu 2022.

Yamoyo imene yagwera pamtunda kawirikawiri siinavulale. Miyendo ya ma shearwater ndi ma petrel ili kumbuyo kwenikweni kwa thupi, ndipo pamalo athyathyathya opanda mphepo zimalephera kunyamuka. Imbirani foni osamalira nyama zakutchire a m'deralo musanachite kanthu. Akakuuzani kuti muitole, valani magolovesi, iphimbeni ndi nsalu, muiike m'katoni yoboola timabowo ta mpweya pamalo abata, ndipo musaipatse chakudya kapena madzi, kapena kuiponya m'mwamba kuti iuluke. Gannet musamuyandikize kumaso, pakuti mlomo wake ndi wakuthwa ndipo amalunjika m'maso. Fulmar akaopsedwa amalavula mafuta onunkha a m'mimba mwake, amene amafika patali ndithu, choncho muyandikireni chakumbuyo, nsalu ili patsogolo panu.